Kodi njira ya Hadrian's Wall ndingaiyende ndekha?

Funso: Akonzi, ine ndimagwira ntchito ku Newcastle ndiye holide ikubwerayi ndikufuna ndiyende wapansi njira ya Hadrian's Wall popanda wondiperekeza, kodi zingatheke?
Mayi wowerenga, Newcastle

Yankho: Zitheka ndithu mayi, musaope. Njirayi imatsata khoma lakalekale lotchedwa Hadrian's Wall kumpoto kwa England, ndipo ndi ya makilomita 135, kuchoka ku Wallsend pafupi ndi kwanuko mpaka ku Bowness-on-Solway kunyanja ya kumadzulo, anthu ambiri amaimaliza pa masiku 6 kapena 7, ndipo kusochera nkovuta chifukwa pamageti ndi pamitengo ya m'njira anaikapo chizindikiro cha kambewu ka mtengo wa oak, inu kumangotsatira basi.

Khomalo Aroma anayamba kumanga mu 122 AD. Chigawo chapakati cha ku Housesteads ndi Steel Rigg ndiye chokoma zedi koma kuli zitunda ndi mphepo yoopsa, pamenepo musathamange ayi, ndipo musakwere pakhoma, limagumuka.

Malo ogona bukiranitu msanga poti midzi yake ndi ing'onoing'ono, palinso makampani onyamula chikwama kukachisiya komwe mukagone. Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala, jekete ya mvula isatsale, nsapato zikhale zoti munaziyendera kale osati zatsopano, zingakutulutseni matuza tsiku loyamba lomwe.