Kaliyala wa pa pikapu: wogula kusitolo kapena wowotcheretsa ku Ndirande?

Bambo ena a ku Chirimba, amene amagwira ntchito yolumikiza mapaipi a madzi m'nyumba, anditumizira imelo yofunsa za Toyota Hilux yawo ya double cab. Bodi yake ndi yaifupi, pamene mapaipi amene amagula ku Limbe amatalika mamita 6, choncho akufuna kudziwa ngati kuli bwino kugula kaliyala wa aluminiyamu wochokera kunja kapena kuwotcheretsa wachitsulo ku Ndirande. Mmisiri wina wawalonjeza kaliyala mmodzi wautali, woyambira pamwamba pa dalaivala mpaka kumapeto kwa bodi, woti azikwezapo ngakhale matumba a simenti.

Bambo, ndiyambe ndi za simentizo. Anthu ambiri amafunsa za kulimba kwa kaliyala, koma chofooka pa nkhaniyi ndi denga la galimoto, lomwe ndi lata lopyapyala. Opanga galimoto amaika malire a katundu amene dengalo linganyamule galimoto ikuyenda, ndipo pa ma double cab ambiri malirewo sadutsa makilogalamu 100, pomwe pa ena ndi ochepera pamenepo. Funani nambalayo m'buku la galimoto yanu, podziwa kuti imawerengera ndi kulemera kwa kaliyala yemwe. Tiyerekeze kuti denga lanu likuloledwa makilogalamu 75 ndipo kaliyala wachitsulo akulemera 40: ndiye kuti mwatsala ndi 35 okha, osakwana n'komwe thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50. Apa ndi pamene aluminiyamu amapambanira chitsulo, chifukwa amapepuka ndipo sachita dzimbiri. Musamale ndi ogulitsa amene amatchula nambala yaikulu, chifukwa nthawi zina amakhala akunena za katundu amene kaliyala angasenze galimoto itaima, zomwe n'zosiyana ndi galimoto imene ikudumpha m'maenje. Kampani ya Rhino-Rack ya ku Australia imalangiza kuchepetsanso katunduyo mukachoka pa tala.

Katundu wolemera akakhala pamwamba, galimoto imapendekeka kwambiri pokhota. Aliyense amene anatsikapo makona a msewu wa ku Chikwawa akudziwa kuti si malo oyeserapo zimenezo. Simenti izikhala m'bodi, chakutsogolo.

Kaliyala wautali amene mwalonjezedwayo musamulole, ngakhale mmisiriyo akhale waluso chotani. Mutu wa pikapu ndi bodi yake ndi zinthu ziwiri, chilichonse chinamangiriridwa pachokha ku chasisi (chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto), n'chifukwa chake pakati pake pali mpata. Chasisi imapindika pang'ono galimoto ikamadutsa m'misewu yokumbika ngati ya m'makwalala athu ambiri nthawi ya mvula, ndipo mutu ndi bodi zimagwedezeka mosiyana. Mukazimanga pamodzi ndi chitsulo chosapindika, mphamvu yonseyo imathera pa miyendo ya kaliyala, ndipo mapeto ake mowotcherera mumathyoka kapena denga limang'aluka mozungulira mabawuti n'kuyamba kudontha.

Pa ntchito yanuyo, ndikulangizani zinthu zitatu zosalumikizana. Pa bodi muike mafulemu awiri, ina kuseri kwa galasi la kumbuyo, ina kumapeto, zotalika moposa denga pang'ono. Zimenezi amisiri a ku Ndirande amazitha bwino, bola muwauze kuti azimange ndi mabawuti, ndi zitsulo zophwatalala kunsi kwake, m'malo moziwotcherera ku bodi, komanso kuti azipake penti yoteteza dzimbiri asanaziike. Chachitatu ndi mtanda umodzi wa pa denga, wochirikiza mapaipi kutsogolo. Umenewu ndiwo muyenera kugula, kaya wa kampani ya Thule, Front Runner kapena Rhino-Rack, ndipo miyendo yake ikhale yopangidwira mtundu ndi chaka cha Hilux yanu, chifukwa madenga amasiyana kapindikidwe. Mapaipi apulasitiki amapinda okha, choncho angagone pa zitatu zonsezi popanda vuto, koma makwerero achitsulo muziwamanga zolimba pa mafulemu a pa bodi pokha.

Kamangidwe ka mtandawo kamadalira denga. Galimoto ngati Land Cruiser 79 zili ndi ngalande ya madzi m'mbali mwa denga, ndipo miyendo imangoluma pamenepo. Pikapu zambiri zatsopano zilibe ngalandeyo, choncho pamakhala miyendo yogwira m'mphepete mwa zitseko kapena njanji zofuna kuboola denga. Sankhani yogwira m'zitseko ngati ilipo, muyeze kuti mbali zonse zikufanana, ndipo mumange mabawuti pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kuti mbali imodzi isakoke inzake. Ngati kuboola sikungapeweke, ntchitoyo mupatse munthu amene anaigwirapo, chifukwa kunsi kwa latalo kumadutsa mawaya, ndipo m'galimoto zina muli ma airbag (matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi) a m'mbali. Bowo lililonse lipakidwe penti ndi kumatidwa mankhwala otseka madzi bawuti lisanalowe, apo ayi mvula ya Januwale idzakupezani pa mpando.

Mukayenda ulendo woyamba, makamaka wa m'fumbi, bwererani ku bawuti lililonse ndi sipanala, ndipo muzichita zimenezo kawirikawiri. Muyembekezerenso kaphokoso ka mphepo ndi kukwera pang'ono kwa mafuta pa M1. Pomanga mapaipi musadalire malegeni, chifukwa amatamuka ndipo mukaponda buleki mwadzidzidzi mtolo wonse umathamangira kutsogolo. Gulani malamba awiri kapena atatu okhala ndi chokungira, muyambe mwamanga mapaipiwo kukhala mtolo umodzi, ndipo kumapeto kotulukira kumbuyo mupachikeko nsalu yofiira kuti wobwera m'mbuyo mwanu aziona.