Kodi "make" ndi kupanga, "do" ndi kuchita?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 m'boma la Dedza. Ana anga amasokoneza mawu awiri a Chingerezi, "make" ndi "do". Ndidawauza kuti "make" ndi kupanga ndipo "do" ndi kuchita, koma akulembabe "I did a mistake" ndi "I am making my homework". Ndiwathandize bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, anawo akumverani bwino lomwe. Mwana amene kwawo amati "ndikupanga homuweki" mukamuuza kuti kupanga ndi "make", alemba zomwe mwaonazo. Aneni awiri a Chingereziwa adagawana ntchito mosiyana ndi momwe "kupanga" ndi "kuchita" adagawanira zawo, choncho kuwaika maso ndi maso kumasocheretsa. Ndipo si ife tokha amene timapunthwa apa. Abale athu a ku Angonia ndi Tete amene adaphunzira Chipwitikizi ali ndi mneni mmodzi, "fazer", wogwira ntchito zonse ziwiri, ndipo Afalansa ali ndi "faire" wotero yemwe.

Aphunzitseni kudzifunsa funso limodzi: ntchitoyi ikatha, kodi pakhala chinthu chimene poyamba padalibe? Ngati chikhalapo, mneni wake ndi "make". Mayi atenga ufa, madzi ndi mthiko, posakhalitsa m'mbale muli mitanda: "she made nsima". Kalipentala atenga matabwa, madzulo pali mpando: "he made a chair". Koma "do" amayang'ana ntchito imene munthu watanganidwa nayo, makamaka ya tsiku ndi tsiku. Pa "do the dishes" mbale zidalipo kale, zangotsukidwa. Momwemonso "do the washing", "do your homework", "do your duty". Ntchitoyo ikakhala yosatchulidwa, mneni ndi "do" basi: "What are you doing?", "do something", "do nothing".

Chinthu chatsopanocho sichichita kukhala chogwirika ndi manja. Phokoso, cholakwa, lonjezo, chigamulo, zonsezi munthu amazibweretsa pamene padalibe, n'chifukwa chake amati "make noise", "make a mistake", "make a promise", "make a decision". Chitsanzo chimene ana a kwanuko angachimve msanga ndi cha mayi wogulitsa tomato pa msika wa Lizulu. Kudzuka m'mamawa, kupikula, kuyala milu, kunenerera ndi ogula, imeneyo ndi ntchito: "she does business". Ndalama yotsala akachotsa mpamba, imeneyo ndi yatsopano: "she makes a profit".

Lamuloli limathandiza kwambiri koma silifika ponse, ndipo ndi bwino kuwauza anawo zimenezi poyera. Amati "make the bed" chonsecho bedi lidalipo kale, langoyalidwa. Amati "do damage" chonsecho kuwonongekako n'kwatsopano. Oterewa ndi ongoloweza, mneni ndi dzina lake pamodzi.

Pali ntchito ina ya "make" imene Mchewa ayenera kuimva mosavuta, chifukwa ife tili nayo m'kati mwa mneni. Ndikunena msintho wochititsa, uja wa -its- ndi -ets- umene mumaphunzitsa pa phunziro la Chichewa. Seka, seketsa. Dikira, dikiritsa. Chingerezi chilibe msintho woterewu, ndiye chimabwereka "make". "Adandiseketsa" ndi "he made me laugh", "adandidikiritsa" ndi "he made me wait". Apa pali msampha umene umakola ngakhale akuluakulu a m'maofesi: pakati pa "me" ndi "laugh" sipalowa "to". "He made me to laugh" n'kulakwa. "To" amabwera pokhapokha chiganizo chikakhala cha msintho wochitidwa: "I was made to wait". Ndikadakonda aphunzitsi a Chichewa ndi a Chingerezi akadamaphunzitsa mitu iwiriyi sabata imodzi, chifukwa mwana akaona kuti "make" uyu ndi -its- wake yemwe uja, saiwalanso.

"Do" nayenso ali ndi ntchito imene "make" sangaigwire: amathandizira aneni ena pofunsa ndi pokana. Mu "Do you eat fish?" musamufunire tanthauzo "do", pakuti kwathu ndi "Kodi mumadya nsomba?" basi. Kale Angerezi ankatha kukana popanda iye. Baibulo lawo la King James la 1611, pa Luka 23:34, limati "they know not what they do", pamene lero anganene "they do not know". "Do" amathandizanso kutsindika: "I did pay" ndi "kulipira ndidalipira". Ndipo "that will do" sakunena za kuchita kalikonse, akungoti "basi, zakwana".

Chenjezaninso anawo pa "kuchita" wathu. Timachita mantha, manyazi, nsanje, mwayi, koma palibe "do" pamenepo. Mzungu amati "I am afraid", "I am ashamed", "I am jealous", "I am lucky".

Tsono pali chimene chimandidetsa nkhawa kuposa Chingerezi cha anawo, ndicho Chichewa chawo. "Kupanga" wakula mphamvu moti akumeza aneni anzake. Pocheza timamva "ukupanga chiyani?" m'malo mwa "ukuchita chiyani?" kapena "ukutani?", ndipo achinyamata amamangirirapo aneni a Chingerezi, "ndapanga apply", "upange check". Pa macheza sindingakanize munthu, chiyankhulo chimayenda ndi eni ake. Koma polemba ndimapempha kuti tisamale, chifukwa pamene Chingerezi chili ndi "make" mmodzi, ife tili ndi aneni ambirimbiri, aliyense woonetsa manja a munthu ali pa ntchito. Nsima timaphika, njerwa ndi mbiya timaumba, mphasa timaluka, mpini timasema, khasu timasula, mowa timafulula, diresi timasoka, moto timakoleza, bedi timayala. Mwana akalemba kuti "agogo apanga mphasa" tamva ndithu, koma milaza kapena bango ndi zala za agogowo sitidazione.

Yesani izi m'kalasi mwanu. Lembani pa bolodi "make bricks", "make a fire", "make a call", "make a mistake", "do the dishes", "do her hair". Auzeni amasulire m'Chichewa, koma "kupanga" ndi "kuchita" zikhale zoletsedwa. Apeza okha kuumba njerwa, kukoleza moto, kuimba foni, kulakwitsa, kutsuka mbale ndi kuluka tsitsi. Kenako fufutani Chingerezicho, abwerere nacho kuchokera ku Chichewa, aliyense afotokoze chifukwa chimene wasankhira "make" kapena "do".