Mahomes alowe ku Canton, ngakhale mtima ukuwawa

Mwafunsa kuti mwa osewera mpira waku America (NFL) amene akusewerabe, ndani ayenera kudzalowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri imene ili ku Canton. Patrick Mahomes, quarterback (woponya mpira) wa Kansas City Chiefs. Lembani dzina limenelo poyamba, ndipo ndikunena ndine, wosapota 49ers amene mnyamata ameneyu wandilizapo mu 2020 ndi 2024. Zoti adikire zaka zisanu atasiya mpira kuti akalowe ku Canton, kwa iyeyu ndi mwambo chabe. Amuyeze jekete lagolide la olowa ku Canton mawa lomwe, ine ndilibe nazo mawu.

Funso lanuli landitosa pachilonda, abale. Inu amene munaonera Super Bowl (masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL) ya February 2024, 49ers ndi Chiefs, muli pampando wa sofa kunyumba kwanu simungamve. Ife tinagwirizana ndi mkulu wina amene ali ndi malo omwera kuno ku Lilongwe, dzina ndisunge, kuti atitsegulire usiku wonse poti masewero aku Las Vegas kwathu kuno amayamba itangodutsa 1:30 m'bandakucha wa Lolemba. Tinasonkha ndalama, ya malo payokha, ya mafuta a jenereta payokha, poti magetsi mukuwadziwa. Mkulu uja analandira ndi manja awiri, nati "musadandaule mabwana, mpaka kuche." Mawu amenewo muwasunge.

Magetsi anathimadi masewero asanayambe, jenereta inalira, zonse zili bwino. McCaffrey wathu anagwetsa mpira ulendo woyamba womwe, tinatukwana pang'ono n'kuiwala. Kicker wathu Moody anamenya mpira wa mapointi atatu kuchokera pa mayadi 55, kenako Jauan Jennings, amene ntchito yake ndi yowakha, anaponyera McCaffrey touchdown, 10-0. Ndinaimirira pampando ine. Travis Kelce wa Chiefs chigawo choyamba chonse anawakha mpira umodzi wokha, wa yadi imodzi, mpaka anapita kukamukalipira mphunzitsi wake Andy Reid n'kumugunda, bambo wamkulu uja kutsala pang'ono kugwa. Mnzathu wina wa Chiefs amene tinali naye anangoti zii, akukanda chizindikiro cha pabotolo. Chokhacho chimene chinandidetsa nkhawa ndi Dre Greenlaw wathu, munthu kuduka mtsempha wa kuchidendene akungothamanga kulowa m'bwalo, popanda womukhudza. Pamenepo m'mimba munati thuu.

Zotsatira mukuzidziwa. Mpira wa punt, umene Chiefs anatimenyera potibwezera, kugunda phazi la mnyamata wathu, Chiefs kutola, ulendo womwewo Valdes-Scantling ali mu end zone. Jennings kutibwezera patsogolo, koma extra point ya Moody kutchingidwa, ndiye 16-13 m'malo mwa 17-13. Pointi imodzi imeneyo ndimailota mpaka lero. Butker wa Chiefs kufananitsa 19-19 kutatsala masekondi atatu. Overtime.

Ndiye apa mpamene mkulu uja anatulukira kuchipinda chakumbuyo, m'maso muli gwa ndi tulo, atafunda chitenje cha akazi awo. Kunja kwayamba kuyera. Akuti mafuta atha. Tinati bwanji atha, si tinapereka a usiku wonse? Akuti iwo amadziwa kuti mpira ndi mphindi 90, izi zomangoima n'kumaonetsa zotsatsa malonda sanaziwerengere. Tinawachonderera, wina anatulutsa ndalama pompo, akuti olo mupereke, malo omwetsera mafuta ali kutali ndipo mnyamata wawo wagona. Chigubu chinali pakona pompo, ndinachinyamula ndekha, chinali cholemera. Anandilanda m'manja, akuti amenewo ndi a mawa oziziritsira zakumwa. Anapita kuseri, jenereta inatsokomola kawiri, TV inati phi, quarterback wathu Purdy ali pakati pa bwalo.

Tangoganizani anthu akuluakulu, ena ndi mabwana kuntchito kwawo, titaunjikana panja pakhonde, udzudzu ukutidya, mitu pamodzi pa mafoni awiri. Yanga bandulo inali ikutha, chithunzi chikungoima. Ya mnzathu wa Chiefs uja inali patsogolo ndi masekondi mwina makumi awiri. Third and 4 (mwayi wathu wachitatu mwa inayi, pakufunika mayadi 4), Chris Jones wa Chiefs kulowa popanda womutchinga, Purdy kungoutaya mpira, Jennings ali poyera. Moody kumenya, 22-19. Kenako fourth and 1 (mwayi womaliza wa Chiefs, pakufunika yadi imodzi), ndikuti apa tikawaimitsa basi chikho chathu, ndinagwira foni ndi manja onse awiri. Pafoni yanga anthu akadafola pamzere, mnzanga uja wayamba kale kuseka. Mahomes wathamanga yekha mayadi 8. Anathamanganso ena 19. Ndipo chomaliza sindinachione n'komwe. Ndinangomva munthu akukuwa "Hardman! Hardman!" akuthamanga kuzungulira galimoto, pamene ine pafoni kachizindikiro kakungozungulira pankhope ya Mahomes atawerama kudikira mpira. Ndinakhala choncho ndikumuyang'ana munthu amene wandipha kale koma pafoni yanga sanandiphebe. 25-22. Kuchoka apo kukasamba, 7:30 ndili pantchito.

Mkulu uja mpaka lero sanabweze olo kobiri. Ndinamupeza sabata yotsatira, akuti "koma si munaonera zambiri?" Munthu wamkulu ndi ndevu zake. Ndipo ndikumva kuti chaka chinachi anasonkhetsanso anthu ena. Amene muli mugulu muno mukumudziwa, mumuuze kuti sindinaiwale. Zinandiwawanso kumva osewera athu ena akuvomera poyera kuti malamulo atsopano a overtime sankawadziwa bwino, pamene a Chiefs anali atawakambirana kalekale. Ine kutaya tulo ndi ndalama, iwo osawerenga lamulo.

Ndiye mukandifunsa za Mahomes ndimayankha ngati mboni. Mphete zitatu za opambana Super Bowl, ndipo ulendo uliwonse MVP (wosewera bwino koposa) wa Super Bowl ndi iyeyo. MVP wa ligi 2018 ndi 2022. Chaka chake choyamba kuyamba masewero anaponya ma touchdown 50 ndi mayadi opitirira 5,000. Mu 2020 tinkatsogola 20-10 chigawo chomaliza, third and 15, anauponya kwa Tyreek Hill mayadi 44, mapeto ake 31-20. Ena muti nanga Tampa Bay inamuchita 31-9, Eagles 40-22. Inde, ndipo masiku onse awiriwo ndinadya nsima yambiri. Koma kuti ukagonje mu Super Bowl uyenera kufikako kaye, iye wafikako kasanu asanakwanitse zaka 30.

Kelce naye alowe. Ndimadana ndi mmene amakuwira pa maikolofoni, koma zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, 2016 mpaka 2022, mayadi opitirira 1,000, palibe tight end wina anachitapo. Mu January 2024 anapitirira Jerry Rice pa mipira yowakha mu playoffs. Jerry Rice wathu! Ndipo usiku uja, munthu wa yadi imodzi uja anamaliza ndi mipira 9, mayadi 93. Zachibwenzi chakecho zisiyeni, sizilowa m'bwalo.

Aaron Rodgers, ngati tikumuwerengabe kuti ndi wosewera, palibe chokambirana. MVP kanayi, 2011, 2014, 2020, 2021, ndi mphete ya February 2011. Ife tinamusiya posankha osewera atsopano mu 2005 n'kutenga Alex Smith, iye anakhala pampando mpaka nambala 24, koma tinamugonjetsa kanayi mu playoffs, ndiye ameneyu ndimamuvotera mtima uli m'malo.

Tsopano chimene chandipsetsa mtima powerenga mayankho anu pamwambapa: palibe olo mmodzi watchula Trent Williams, wotchingira quarterback wathu. Nonse muli pa ma quarterback ndi owakha, chifukwa ndi amene amakupatsani mapointi pa fantasy. Munthu uyu anasankhidwa nambala 4 mu 2010, anavutika zaka zonse zija ku Washington, 2019 yonse sanasewere atamuchotsa chotupa cha khansa pamutu, anabwera kwathu mu 2020 n'kukhala All-Pro woyamba (wabwino koposa pamalo ake mu ligi yonse) 2021, 2022, 2023 ali ndi zaka zopitirira 30. Ku Pro Bowl, masewero a akatswiri osankhidwa chaka chilichonse, wapitako kopitirira kakhumi. Tsiku lina mudzasiye kutsatira mpira ndi maso, mudzangoyang'ana nambala 71 akatuluka pamzere kuthamangira kumbali, muone mmene ma cornerback amafunira pobisala. Chimunthu cholemera chonchija kuthamanga ngati chaiwala thupi lake.

Wina ayankha kuti alibe mphete. Mphete ndi ya timu, achimwene. Joe Thomas anakhala ku Cleveland moyo wake wonse, sanasewereko playoff olo imodzi, ma snap 10,363 otsatizana osatuluka, ndipo mu 2023 analowa ku Canton ulendo woyamba. Calvin Johnson analowa 2021 osapambanako playoff. Marino alibe mphete, Barry Sanders alibe. Usiku uja ku Las Vegas, Trent akanakhala ndi mphete extra point imodzi ikanadutsa. Ndiye mukufuna kundiuza kuti ukatswiri wa munthu wa zaka khumi ndi zingapo ukutengera phazi la kicker? Ayi.

Chimodzimodzi Myles Garrett. Ma sack (kugwetsa quarterback asanaponye) 23 mu 2025, kupitirira 22.5 ya Strahan ndi T.J. Watt, ali mu timu imene nthawi zambiri imakhala kumbuyo, adani sakakamizika n'komwe kuponya. Anali kale wotchinga wabwino koposa wa 2023. Alowe. Watt naye ndingamulole. Von Miller ndi Bobby Wagner zowalowetsa ku Canton anachita kale, mmodzi MVP wa Super Bowl 50, winayo wakhala akugwetsa anthu kuyambira 2012. Aaron Donald musamutchule muno, anasiya mu March 2024, ali pamzere wake.

Derrick Henry ndimasinthasintha maganizo. Mayadi 2,027 mu 2020, kenako anthu atati watha anapita ku Baltimore n'kuthamanga 1,921. Lero ndikuti alowe, mukandifunsa Lachisanu mwina ndinena zina. Mike Evans zaka 11 zotsatizana za mayadi 1,000, adzalowa, koma osati mothamanga. Lamar Jackson ali ndi ma MVP awiri, adzalowa, koma nkhani yake sinathe kulembedwa, musiyeni ailembe. Josh Allen, Burrow, Jefferson, Chase, amenewo adikire, akadali ana.

Ndipo musaganize kuti ovotera olowa ku Canton ndi achifundo. Ndi anthu pafupifupi 50, ambiri atolankhani, ndipo munthu amafunika mavoti 80 pa 100 alionse. Terrell Owens anamukaniza kawiri chifukwa chongodana ndi khalidwe lake, atalowa mu 2018 anakana kupita ku Canton, anakayankhulira ku Chattanooga kusukulu yake. Antonio Gates, ma touchdown 116, palibe tight end womuposa, anamubweza mu 2024 n'kudzalowa 2025. Torry Holt ndi Reggie Wayne akhala akugogoda zaka ndi zaka. Ndiye mndandanda wa anthu 20 umene wina walemba apawu, mukuganiza akalowera khomo liti?

Langizo langa kwa achinyamata mwangoyamba kutsatira mpira umenewu: musamatengeke ndi usiku umodzi. Zaka zisanu zija anaziika ndi nzeru, zisachotsedwe kwa wina aliyense, olo Mahomes yemweyo. Mtima umafunika uzizire kaye. Andrew Luck tonse tinkati ndi wa ku Canton, anasiya mu 2019 ali ndi zaka 29. Brady anatsanzika mu 2022, patangotha masiku 40 wabwerera. Philip Rivers anali atayandikira kuvoteredwa, mu December 2025 anavalanso chipewa ku Colts ali ndi zaka 44, kuwerenga kunayambiranso. Mukanamuumbira kale chifanizo chamkuwa cha olowa ku Canton mukanatani nacho?

Za koonera, musapereke ndalama yonse patsogolo. Theka poyamba, theka masewero akatha, ndipo mafuta mugule nokha, chigubu chikhale pansi pa mpando wanu. Mumuuze mwini malo momveka kuti mpira uwu umatenga maola anayi, alembe pa WhatsApp kuti wamva. Kapena ingoonerani kunyumba, ndi bwino kulira wekha. Komabe Super Bowl yoonera wekha si Super Bowl, ndiye ikubwerayi amene mukusonkha mundiuze, ndalama yanga ilipo, bola asakhale malo aja.

Ndipo amene walemba Dak Prescott pamwambapa abwere afotokoze bwinobwino, tikumudikira.