Mafunso ndi Mayankho: Polemba nkhani za kutha kwa dziko ndi magulu ampatuko

Mwezi uno tasankha makalata a olemba achinyamata omwe akulimbana ndi nkhani zopeka zonena za dziko lophwasuka, momwe anyamata ndi atsikana akuyesetsa kupulumuka. Oyankha ndi akonzi athu a mabuku, mothandizana ndi odziwa ntchito yopereka thandizo pa ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Funso: Akonzi, m'nkhani yanga anthu 40 athawira m'chipinda cha pansi pa nthaka phiri litaphulika. Ali ndi thanki ya madzi ya malita 10,000 ndipo ndikufuna akhalemo chaka chathunthu. Mnzanga atawerenga anati n'zabodza. Ndalakwitsa pati? (Mtsikana wa zaka 17)

Yankho: Mnzanuyo sakunama. Mabungwe opereka thandizo amawerengera malita osachepera 15 pa munthu tsiku lililonse, akumwa, ophikira ndi osamba. Anthu 40 ndiye kuti malita 600 patsiku, choncho thanki yanuyo yauma pa tsiku la 17. Akati azingomwa basi, malita atatu aliyense, afika masiku 83, koma m'manja mosasamba mubwera matenda otsegula m'mimba, ndipo m'chipinda chotsekeka matendawa sachedwa kugwira aliyense. Ndiye sankhani: muwapatse chitsime, kapena muchepetse masiku. Ife tikanachepetsa masiku. Jambulani mzere pa thankiyo, mtengambali wanu aziuona ukutsika m'mawa uliwonse, ndipo wowerenga sasiya buku.

Zina zoti zikhale zoona: madzi okayikitsa amafunika abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Wotsegula m'mimba amapatsidwa lita imodzi ya madzi abwino yosakaniza ndi masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mchere ukachuluka mumamupweteka wodwalayo. Chimbudzi chikhale mamita 30 kuchokera pomwe pali madzi akumwa. Petulo sakhalitsa, amayamba kuwonongeka pakatha miyezi ingapo, choncho jenereta yolira bwinobwino patapita zaka zisanu ndi bodza lina. Ndipo munthu amene wakhala nthawi yaitali ndi njala sapatsidwa chakudya chambiri nthawi imodzi, chifukwa mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima ukhoza kuima. Olemba ambiri amaika phwando pamenepo.

Funso: Mtsogoleri wa gulu lampatuko m'buku langa amakalipa, amamenya anthu ndiponso amalalikira za moto kuyambira tsamba loyamba. Ondiwerengera akuti sakumvetsa chifukwa chomwe wina angamutsatire. Ndimukonze bwanji? (Mnyamata wa zaka 19)

Yankho: Mwayambira kumathero. Palibe amene amalowa gulu akudziwa kuti ndi lampatuko. Amalowa chifukwa apezamo chomwe anali kusowa. Gulu la Jim Jones ku America linkadyetsa osauka, linkasamalira okalamba, ndipo azungu ndi anthu akuda ankapemphera pamodzi pa nthawi yomwe tsankho linali lalikulu. Anthu omwewo ndi amene anathera ku Jonestown m'dziko la Guyana, komwe oposa 900 anafa pa 18 Novembala 1978, pafupifupi 300 mwa iwo ali ana.

Ndiye mtsogoleri wanu ayambe ndi kupulumutsa. Ndi iye amene atsegulire chitseko mtengambali wanu, tinene kuti ndi mtsikana, amupatse bulangete, akumbukire dzina la mng'ono wake amene wamwalira. Chinanso, akhale kuti analosera ngoziyo ndipo inachitikadi. Mukatero mwamumanga mtsikanayo: angamutsutse bwanji munthu yemwe ananena zoona pamene ena onse ankamuseka?

Kenaka muzimanga chingwe pang'onopang'ono. Poyamba lamulo laling'ono looneka lanzeru, monga lakuti wailesi izisungidwa ndi munthu mmodzi kuti mabatire asathe. Apo nkhani zakunja zatsekeka. Kenaka kiyi wa mosungira chakudya. Kenaka ntchito yochuluka ndi tulo tochepa, poti munthu wotopa safunsa mafunso. Kenaka kuulula machimo pagulu, komwe zinsinsi zimasanduka chikwapu. Pomaliza kulekanitsa ana ndi makolo, ndi kupereka mphotho kwa woneneza mnzake. Ku Jonestown mapasipoti a anthu ankasungidwa ndi atsogoleri, ndipo mawu a Jones ankamveka pa zokuzira mawu usana ndi usiku. Lamulo lililonse likhale ndi chifukwa chomwe wowerenga yekha angavomereze, mpaka adzadzidzimuke kuti naye wavomera zambiri.

Musaiwale omuzungulira. Wowerengera matumba a chakudya ndi wolondera pachipata nthawi zambiri amaopsa kuposa wolalikira.

Funso: Tsiku lomwe mneneri wanga ananena kuti dziko litha lafika, ndipo palibe chachitika. Kodi anthu ake onse amuthawe? (Wowerenga wathu)

Yankho: Ayi, ndipo apa ndi pamene nkhani yanu ikukomera. Mu 1954 katswiri wa maganizo a anthu Leon Festinger ndi anzake analowa m'kagulu kena ku America komwe kankayembekeza chigumula pa 21 Disembala. Kutacha bwinobwino, mtsogoleri anati chikhulupiriro chawo ndicho chapulumutsa dziko, ndipo omwe anali atasiya ntchito ndi kutaya katundu wawo anayamba kulalikira mwamphamvu kuposa kale. Amene wataya zambiri ndiye amavutika kuvomera kuti ananamizidwa. Otsetsereka ndi aja anangoviikamo chala.

Koma nthawi imeneyi ndi yoopsanso. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, gulu lomwe linkati dziko litha kumapeto kwa 1999 linasuntha tsiku, ndipo pa 17 Malichi 2000 anthu mazanamazana anapsera m'nyumba yopemphereramo. Pamodzi ndi mitembo yomwe inapezeka m'malo ena, akufa anaposa 700. Mtsogoleri wogwidwa bodza amafunafuna womuloza chala. M'buku lanu wolozedwayo akhale mtengambali wamkulu, ndipo mutuwo muuike cha kumapeto, pomwe kuthawa kwasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Popeza owerenga anu ndi achinyamata, onetsani mantha ndi chisoni cha otsala, koma musafotokoze njira kapena mankhwala odziphera.

Funso: Kodi achinyamata akatsala okhaokha ayenera kuukirana kuti nkhani ikome? (Mtsikana wa zaka 16)

Yankho: Sikuti n'lamulo. Mu 1965 anyamata asanu ndi mmodzi a ku Tonga anatsakamira pa chilumba chopanda anthu cha 'Ata kwa miyezi pafupifupi 15. Anagawana ntchito, ankasunga madzi a mvula m'zipika zobowoka, anasamala moto kuti usazime, ndipo mmodzi atathyoka mwendo anzake anamumanga ndi timitengo mpaka anachira. Akakangana ankatalikirana kaye kuti mitima izizire. Anapulumutsidwa mu 1966, onse ali moyo. Ngati mukufuna mkangano, uchokere pa chinthu chogwirika: ndani anagona pa nthawi yake yolondera moto, ndani wamwa kapu yachiwiri.