Yankho kwa ofuna kudzera msewu wa kunyanja mpaka ku Nkhata Bay

Achimwene, mwafunsa ngati kagalimoto kanu kakang'ono kangathe kuchoka ku Lilongwe, kudzera ku Salima, n'kukafika ku Nkhata Bay tsiku limodzi. Kangathe, koma musatero. Msewu wa kunyanjawu, wa M5, si wothamangira, ndipo zimene mukufuna kuti ana akaone zili m'matauni ang'onoang'ono amene mungawadutse ngati mphepo mukapupuluma. Gonani ku Nkhotakota, ulendo muugawe pawiri.

Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka apo kufika pa boma la Nkhotakota ndi opitirira pang'ono 100 ena. Thanki mudzaze musananyamuke, muwonjezerenso ku Salima ngakhale geji ikuonetsa kuti mafuta alipo. Malo omwetsera mafuta aliponso ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, koma nthawi imene mafuta akusowa m'dziko, kumeneko ndiye amayamba kutha.

Chimene chimaononga magalimoto aang'ono pa msewu umenewu ndi m'mphepete mwa phula. M'malo ambiri phula linadyeka n'kusiya chitsitso chakuthwa. Mukakumana ndi lole n'kuzembera kumbali muli pa liwiro, tayala limang'ambika m'mbali, limu n'kupindika, ndipo tayala long'ambika m'mbali silimatidwa. Choncho chepetsani liwiro musanatsike phula, osati mutatsika kale. Tengani sipeya yopopa bwino, jeke, sipanala ya mawilo ndi pampu. Ngati galimoto yanu inabwera ndi kasipeya kopyapyala kaja, gulani tayala lenileni, chifukwa kameneko si koyendera mtunda wautali. Milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi: amene wayamba kufika ndiye adutse, inu dikirani. Usiku musayende konse. Akabaza opanda nyale, mbuzi, ndi anthu ochokera kumsika onse amakhala pa phula lomwelo. Nyengo ya mvula, makamaka Januwale mpaka Malichi, funsani madalaivala a minibasi pa depoti ya Salima ngati milatho ili bwino musanapitirire. Pa marodibuloko khalani ndi laisensi, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), inshuwalansi ndi matirayango awiri pafupi.

Musanafike pa boma mudutsa pa Chia, pomwe amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu. Tsegulani makha a chambo muone: akakhala ofiira ndiye kuti ncha lero, akatuwa chisiyeni.

Nkhotakota ipatseni masana onse. Tauni imeneyi inali doko lalikulu la malonda a ukapolo, pomwe Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya m'derali, ankaolotsa anthu pa zombo kupita tsidya la kum'mawa kwa nyanja. David Livingstone anakumana ndi Jumbe kumeneko mu 1863, ndipo mtengo umene anthu amati anakhala pansi pake ukadalipo pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Pa tchalitchi cha Anglican cha All Saints pali manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, yemwe dzina lake linapatsidwa kwa sitima ina yotchuka ya pa nyanja ya Malawi. Pezani munthu wa pa mishoni kuti akuyendetseni, chifukwa popanda wofotokoza ana angoona mtengo basi. Ngati muli ndi tsiku lina lapadera, nkhalango ya Nkhotakota ili pafupi, komwe anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, koma misewu ya m'kati imafuna galimoto yotalika kunsi.

Tsiku lachiwiri ndi makilomita pafupifupi 200. Ku Dwangwa samalani ndi mathirakitala ndi malole a nzimbe nyengo yodula. Mukaoloka Dwambazi mwalowa m'dziko la Atonga, ndipo musanafike ku Chintheche pali kamsewu kafumbi kolowera kunyanja, ku Bandawe wakale. Apa ndi pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1881 atachoka ku Cape Maclear chifukwa cha malungo, ndipo malungo omwewo anawatsatira mpaka anakwera phiri ku Khondowe mu 1894. Manda a amishoni ali pomwepo, ndipo ana akawerenga zaka zolembedwa pa miyala adzaona okha kuti ambiri anafa akadali achinyamata. Gombe la ku Chintheche ndi la mchenga woyera, koma ana asasambe m'madzi odekha a m'mabango chifukwa cha likodzo.

Mukadutsa minda ya mitengo ya labala ya Vizara mwayandikira. Ku Nkhata Bay kaoneni chikumbutso cha anthu amene anaomberedwa pa doko pa 3 Malichi 1959, kenako mudye kondowole ndi batala. Polowa m'tauni msewu ndi wotsetsereka ndi wokhotakhota. Ikani giya yotsika, kapena L ngati galimoto ndi yotomatiki, kuti injini izigwira yokha, chifukwa mukangoponda mabuleki osalekeza amatentha n'kusiya kugwira.