Injini ya .049 imalira bwino pansi koma imazima m'mwamba

Mmodzi mwa owerenga watilembera imelo kuti kainjini kake ka Cox .049, ka pa ndege yachidole, kamalira mwamphamvu ndege ikadali m'manja, koma ikangonyamuka kamafooka n'kuzima mphindi isanathe. Akufunsa ngati mankhwala ake n'kugula mafuta a nitro wochuluka.

Musathamangire nitro, akulu. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti injini ikuperewedwa mafuta, ndipo nitro wambiri angowonjezera kutentha. Mafuta a tiinjini totere, otchedwa a glow, ndi msakanizo wa methanol, nitromethane (nitro uja) ndi oyilo, ndipo oyilo yense wofewetsa pisitoni amalowa ndi mafuta omwewo, alibe khomo lina. Mukatseka needle valve (kasingano kotcherera kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini) mpaka injini ifike pachimake ndege ili pansi, mwachepetsa mafuta ndi oyilo pamodzi. M'mwamba propela imapepukidwa, injini imathamanga kwambiri n'kufuna mafuta ochulukirapo, pomwe m'thanki akutsika. Ikawasowa imatentha, kenako imazima.

Tcherani chonchi. Tsekani needle mpaka pothera, koma osakanikiza, chifukwa nsonga yake sichedwa kuwonongeka. Itseguleni poizunguliza katatu. Donthetsani madontho awiri kapena atatu pa mabowo otulukira utsi, lumikizani batire la mavoti 1.5 ku glow head (mutu wa injini wokhala ndi waya woyatsa mafuta), lizani. Iyamba ndi mawu okhakhala, ikulavula utsi ndi oyilo. Chotsani batire, muyambe kutseka pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo 8 a mzunguliro, n'kudikira masekondi angapo musanakhudzenso. Ambiri amalephera pomwepa: injini imachedwa kuyankha, iwo n'kupitirira malo abwino osadziwa. Mawu akasalala n'kufika pamwamba penipeni, tsegulaninso pang'ono mpaka atsike pang'ono chabe, mwina RPM (mizunguliro pa mphindi) 300 ngati muli ndi tachometer, kachida koyezera liwiro la injini. Tsopano lozetsani mphuno ya ndege kumwamba kwa masekondi 10. Liwiro likatsika, tsegulaninso. Zonsezi muzichita mutaima kumbuyo kwa propela.

Ngati needle sikukhazikika, mwatchera bwino koma posakhalitsa mawu asinthanso, ndiye kuti mpweya ukulowera pena pake. Pa Cox zokhala ndi thanki kumbuyo, onani gasiketi ya pakati pa thanki ndi thupi la injini, kamphira kozungulira ka pa venturi (kanjira kolowera mpweya), ndi masikuluwu anayi omangira thanki. Mazinga a needle nawonso amapitsa mpweya akatha. Vekani kachidutswa ka paipi ya silikoni pamenepo kuti patsekeke. Mutamasula choncho, tsukani reed (kanthu kopyapyala kotsegula ndi kutseka njira ya mafuta ndi mpweya) ndi mafuta atsopano, chifukwa oyilo wa nsatsi akauma amaimata, ndipo kanyenyeswa kamodzi pansi pake kamakwana kusokoneza zonse. Onaninso kapaipi kokokera mafuta m'kati mwa thanki. Pa ndege ya rimoti kayang'ane pansi, pa ndege youlutsa ndi zingwe kayang'ane mbali ya kunja kwa bwalo, kumene mafuta amakankhidwira ndege ikamazungulira.

Glow head siivuta kuyeza. Mukailumikiza ku batire, waya wake wa platinum uyake mowala ngati khala. Liwiro likamagwa kwambiri mukangochotsa batire pomwe needle ili bwino, wayawo watha kapena mafuta alowa madzi. Methanol imakoka chinyezi mumpweya, choncho botolo lizikhala lotseka nthawi zonse.

Za nitro zibwere zonsezi zikatheka. N'zoona kuti tiinjini tating'ono timafuna nitro wochulukirapo kuposa zazikulu, chifukwa timataya kutentha msanga. Maperesenti 15 mpaka 25 ndi okwanira pa .049. Chimene timalimbikira kwambiri ndi oyilo: akhale pafupifupi maperesenti 20, ndipo theka lake kapena kuposa akhale wa nsatsi. Pa Cox, pisitoni imalumikizana ndi ndodo yake pa kampira kachitsulo kokhala m'kachibowo, ndipo popanda oyilo wa nsatsi malo amenewa amatha msanga. Mafuta a timagalimoto ta rimoti nthawi zambiri amakhala ndi oyilo wochepa, musawathire. Pisitoni ikamagwedera pa ndodoyo, pali kachida kokhomera kobwezeretsa kulimba kwake. Chitani zimenezo isanabooke.

Mukakweza nitro, onjezani washala imodzi ya kopa pansi pa glow head kuti kompuresheni itsike. Mukapanda kutero moto umayaka nthawi isanakwane, injini imalira mwaukali koma mphamvu palibe, ndipo waya wa glow head umapindika n'kuduka kawirikawiri.

Propela ikhale 5x3 kapena 6x3 (nambala yoyamba ndi kutalika kwake m'mainchesi, yachiwiri ndi kupendekeka kwa mapiko ake). Yaikulu kuposa apo imalemetsa injini n'kuitenthetsa, ndipo yolemera mbali imodzi imanjenjemeretsa thanki mpaka mafuta achite thovu. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, mutcherenso needle, kuti mudziwe chimene chathandiza. Mukamaliza kuulutsa, khuthulani mafuta onse m'thanki, mudonthetse oyilo wopepuka pang'ono pa mabowo a utsi n'kuzunguliza propela kangapo.