Botox wa pamutu ndinabayidwapo, musamuthamangire

Achemwali, jakisoni wa Botox amene akukuuzani kuti mubayitse pamutu kuti tsitsi lothothoka limerenso, musamuthamangire. Botox ndi poizoni wochokera ku bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, ndipo ntchito yake ndi kufooketsa minofu kwa miyezi itatu kapena inayi. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linamuvomereza mu 2002 kuti azichotsa makwinya a pankhope, koma za tsitsi silinavomereze. Kafukufuku wochepa amene alipo anachitika makamaka pa amuna a dazi, poganiza kuti minofu ya pamutu ikamasuka magazi amayenda bwino.

Ine anandibaya ndi mayi wina wa saluni ku Lilongwe, tsitsi la m'mbali litathothoka chifukwa cha meshi yothina. Kabotolo anakatulutsa m'chikwama cha m'manja, pomwe mankhwalawa amayenera kukhala mufiriji, ndipo anabaya mpaka kutsikira pachipumi. Patapita masiku ochepa chikope chakumanzere chinagwa. Linali tsiku la chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Senga Bay, ndipo woitana mayina pa perekaniperekani ndinali ine. Ndinaima padzuwa la Salima, thukuta likuyenda pansi pa duku, dzanja lina lagwira pepala, lina likutukula chikope kuti ndione zolembedwazo, uku azakhali akunong'onezana kuti ndachita sitiroko, akuchimuna akuti pali dzanja la munthu. Amayi anga anachoka pampando nakalirira kuseri kwa tenti. Nditamuimbira foni mayi wa saluni uja, anaseka nati vuto ndi magazi anga, kenako anandibuloka pa WhatsApp. Munthu wosaphunzira zachipatala, wosadziwa pamene mnofu wa diso wadutsa, akudya ndalama za amayi anzake amene manyazi awapanikiza, ndipo mpaka lero akuonetsa zithunzi pa Facebook.

Yambani mwapita kuchipatala akakuyezeni magazi ndi chithokomiro, chifukwa kuchepa kwa ayironi m'magazi kapena vuto la chithokomiro zimathothola tsitsi, ndipo ngati mwangobereka kumene nthawi zambiri limamera lokha. Masulani zoluka zothinazo msanga, pakuti pamene papanga chipsera sipameranso, ndipo mufunse za minoxidil, mankhwala opaka pamutu omeretsa tsitsi, amene ndi ovomerezeka kwa amayi ngakhale kuti oyembekezera ndi oyamwitsa amaletsedwa. Koma ngati ndalama muli nazo ndipo wobaya ndi dokotala weniweni wa khungu, kabayitseni ndithu. Timatsitsi tina tinameradi m'mbalimu chaka chomwecho, ngakhale kuti nthawi imeneyo meshi ndinali nditaleka kale.